Maola a Che Husaini

Amayi a mumsewu wina ku Zengeza 1, komboni ya kufupi ndi Harare, sankasowa wotchi m'mawa. Ankangosuzumira pazenera. Akaona a Saulos Kamwendo akukoka geti lawo, jekete lakuda, chipewa pamutu, kathumba ka buledi m'manja, ankadziwa kuti yakwana hafu sikisi, nayamba kugwedeza ana a sukulu. N'chifukwa chake anthu a kumeneko, poti ambiri ndi Ashona, ankawatchula Sekuru Wachi, ndiye kuti agogo a wotchi. Eni ake dzinalo sankalikonda, koma sankalikananso.

Anachoka ku Ntcheu mu 1950 ali mnyamata, atalonjeza mayi awo kuti akangopeza njinga ndi bulangete abwerera. Njinga anagula, inatha, anagulanso ina. Mayi aja anamwalira akudikira. Paja amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, koma a Kamwendo m'thengomo anakhalitsa mpaka kusanduka mtchona weniweni, uja amene akati abwerere, kumudzi angamufunse kuti ndinu a kwa yani. Anakwatira Muriel, mwana wa Mmalawi mnzawo wa papulazi, ndipo m'nyumba mwawo Chichewa chinkamveka kuyambira m'mawa mpaka kogona. Muriel anamwalira mu 1984. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Easter, anakwatiwa ku Unit L, komboni ina yapafupi. Chichewa ankamva chonse, koma poyankha ankayankha m'Chishona, ndipo adzukulu ankaseka agogo awo akawafunsa kuti mwadzuka bwanji. Si kuti ana aja anali amwano ayi. Koma zinkawawa.

Ntchito yawo inali yaumabalani, ulembi wa nthawi, pafakitale ina yosoka maovolosi ndi mayunifolomu a sukulu. Pageti panali wotchi yodinda makhadi. Wantchito aliyense polowa ankadinda, potuluka ankadinda, ndipo a Kamwendo ankakopera nthawizo m'buku lalikulu lachikuto chobiriwira, Loweruka n'kuphatikiza maola a sabata yonse. Wochedwa ankamulemba ndi inki yofiira, kaya ndi folomani kaya ndi wosesa. Zaka makumi awiri ndi zisanu akulemba, m'bukumo munalibe chofufuta ndi chimodzi chomwe. Mukati ndikukometsera? Ayi ndithu, anthu ankadana nawo chifukwa cha chomwechi. Munthu wosalakwitsa sakhala ndi anzake ambiri.

Mnzawo anali mmodzi, Che Husaini Faki, Myao wa ku Mangochi, wamfupi, wandevu zoyera, wochita lendi kachipinda ku Unit A. Iwowa ankasonkha moto wa boyila, chithanki chowiritsa madzi chimene nthunzi yake ankasitira zovala. Kanyumba ka boyila kanali kuseri kwenikweni, kupitirira mulu wa malasha, kumene munthu wa taye sankapondako. Che Husaini ndiwonso ankaliza huta, lipenga la fakitale lodziwitsa antchito nthawi. A Kamwendo ankaima pakona ya ofesi, maso pawotchi ya pamkono, dzanja m'mwamba. Nthawi ikakwana ankatsitsa dzanja, Che Husaini n'kukoka chingwe. Koma pa wani koloko, huta yaitali ija ikatha, Che Husaini ankawonjezera kena kakafupi, pii. Anthu ankayesa kuti chingwe chimakodwa. Chonsecho kanali kawo ka awiriwo, kutanthauza kuti tiyi wapsa, bwerani.

Ola limenelo ndilo a Kamwendo ankadzukira m'mawa. Ankakhala pamabokosi awiri, buledi amunyema pakati, mbatata yootcha paphulusa la boyila aigawana, Chichewa chili thithithi.

"Inu Akhristu," Che Husaini ankatero, "Mulungu mumamuchezera kamodzi pa sabata ngati apongozi."

"Nanga inu? Kasanu pa tsiku, ngati mwana wopempha switi. Mumupatseko mpata apume."

Ankaseka mpaka kutsokomola. Nthabwala yake inali yomweyi chaka ndi chaka, ndipo sinkasukuluka. Ankakangana za dzina la mtsinje wina wa ku Balaka umene onse anawoloka kamodzi kokha. Huta ya thu koloko ikalira, a Kamwendo ankatseka Chichewa chawo ngati mmene munthu amatsekera sutikesi, mpaka mawa.

Mu 1988 nsalu inasowa. Eni fakitale, amene ankakhala ku Harare, anagawa antchito pawiri: ena Lolemba mpaka Lachitatu, ena Lachinayi mpaka Loweruka, maola 7 pa tsiku. Aliyense tsopano ankagwira maola 21 pa sabata. Koma wa boyila anali mmodzi, motero Che Husaini ankabwera masiku onse asanu ndi limodzi, n'kumalawirira ola lathunthu kuti anzawo apeze nthunzi ilipo kale.

Chaka chomwecho kunabwera manijala watsopano, ndipo pambuyo pake panabwera kompyuta. Anaiika patebulo la Winifred, mayi wa ana atatu amene kale ankatayipa makalata. Anamutumiza kukaphunzira milungu iwiri, nabwera akudziwa kulowetsa nthawi za pamakhadi m'timabokosi ta pagalasi, dzina kumanzere, masiku motsatana, kumapeto kwenikweni makinawo n'kuphatikiza okha. A ku Harare anati kwa mwezi umodzi buku ndi makina ziyendere limodzi. A Kamwendo chinthucho sankachiyang'ana n'komwe. Ankadutsa pambali ngati akudutsa galu wa eni.

Mwezi utatha, Lachisanu m'mawa, manijala anawaitana. Patebulo panali kalata yochokera ku Harare. Fakitale inaloledwa kuchotsa anthu asanu ndi mmodzi, ndipo eni ake anasankha potengera pepala la kompyuta, lija losonyeza dzina ndi maola a sabata basi. Dzina loyamba linali Husaini Faki. Kutsogolo kwake kunali manambala anayi a milungu inayi: 0:00, 2:00, 0:00, 1:30.

"Munthu uyu mwezi wonse wagwira maola atatu ndi theka," anatero manijala m'Chingerezi.

A Kamwendo anakatenga buku, natsegula, naloza ndi chala. Munali 48, 50, 48 ndi 49:30.

"Bwana, munthuyu sajomba. Moto umene ukusita zovalazi akusonkha ndani?"

"Moto aliyense angasonkhe. Ine ndili ndi mapepala awiri otsutsana. Lina walemba ndi munthu, lina alemba ndi makina." Manijala anavula magalasi. "Ndipo makina, Kamwendo, alibe mbale wa ku Malawi."

Ha, mawu amenewo! Zaka makumi awiri ndi zisanu za inki yofiira, munthu wobwera dzana n'kukutcha wakuba maola pamaso pako. A Kamwendo anaugwira mtima. Anapempha kuti aone m'makinamo. Manijala anati mwini makina, Winifred, ali m'gulu la Lolemba, ndipo kalatayo iyenera kubwerera ku Harare itasainidwa Lolemba lomwelo isanakwane thwelofu.

Tsiku limenelo kahuta kakafupi kanalira monga mwa masiku onse. A Kamwendo anapita, ndipo sanazungulire, anangonena.

"Ziro ndiye kuti chiyani?" anafunsa Che Husaini, amene sukulu yawo inali ya kumzikiti yokha.

"Ndiye kuti palibe. Ati simunabwere."

Che Husaini anatambasula manja awo, zikhatho zakuda ndi malasha, zipsera za moto mpaka m'zigongono. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Chabwino," anatero. "Mwana wanga wa ku mgodi ku Kadoma wakhala akundiitana. Kachipinda kaja popanda ntchito sindingakasunge. Mwezi ukatha ndinyamuka."

Sanadandaule, ndipo n'chimene chinawaopsa a Kamwendo. Kadoma si kuseri kwa nyumba. Munthu uyu akapita, ndani adzawafunse m'chinenero cha mayi awo ngati agona bwino? Anachita mantha, mantha enieni a munthu wamkulu amene waona kuti atsala yekha. Buledi wa tsikulo anabwerera naye kunyumba.

Loweruka anachita chimene anali asanachitepo, ananyamula buku la kampani kupita nalo kwawo, pamodzi ndi pepala la kompyuta lija. Lamlungu anapita kutchalitchi, kumene ngakhale nyimbo zimene Amalawi anabwera nazo zinali zitayamba kuimbidwa m'Chishona. Masana Easter anadutsa ndi kambale ka ndiwo. Bambo ake anayamba kumufotokozera za Che Husaini ndi za ziro.

"Ndiri kunzwa, baba," anatero Easter m'Chishona, kuti ndikumva, koma maso anali kumsewu kumene mwamuna wake ankadikira. Anasesa pakhonde, natsanzika.

Atatsala okha anayala buku ndi pepala patebulo. Mayina ena onse, oposa zana, ankaoneka kuti akugwirizana: 21 m'buku, 21:00 papepala. Wochedwa theka la ola, 20:30 uku, 20:30 uko. Makinawo sanali opusa, anavomereza monyinyirika. Nanga bwanji pa munthu mmodzi yekha? Anachotsera. Pa 48 panasowa 48. Pa 50 panasowa 48. Pa 49:30 panasowanso 48 yemweyo. Wakuba wanji amene amaba muyeso umodzimodzi sabata iliyonse? Anafufuzanso, napeza dalaivala wina amene sabata ina anagwira maola 26, koma pepala linati 2:00. Apo panasowa 24. Anatseka buku, nakakhala pampando wawo wa pazenera.

Wotchi ya pakhoma, imene Muriel anagula ndi ndalama za madoilo, tinsalu toluka ta patebulo, inagunda folo koloko. A Kamwendo anaiyang'ana. Dzulo nthawi ngati ino anali pampando womwewu, ndipo wotchiyo inkanena zomwezi. Dzana chimodzimodzi. Tsiku limene anabwera kuchokera kumanda kokaika Muriel inkanenanso folo koloko. Zaka zinayi akhala akuyang'anizana nayo m'nyumba ya zii, koma pankhope pake sipankaoneka ngakhale tsiku limodzi la masiku onsewo. Imangozungulira, ikafika pamwamba n'kuyambiranso ngati palibe chachitika.

Anadzuka pang'onopang'ono. Tsiku ndi maola 24. Masiku awiri ndi 48. Anabwerera patebulo, nawerenganso. Makina aja sankaba ayi. Ankawerenga ngati wotchi. Akafika pa 24 ankabwerera pa ziro, ndipo aliyense wosafika pa 24 sankakhudzidwa. Munthu yekhayo amene ankagwira ntchito kuposa onse ndi amene anaoneka ngati sabwera n'komwe.

Lolemba amayi a mumsewu uja anasokonezeka, chifukwa geti la a Kamwendo linalira sikisi isanakwane. Winifred atafika anawapeza ataima pafupi ndi tebulo lake, chipewa m'manja. Anamufotokozera m'Chishona chawo chokhota chija, akuloza wotchi ya muofesi ndi kuzunguliza chala. Winifred anayatsa makina, natsika mpaka pa dzina la Husaini Faki. Timabokosi tisanu ndi kamodzi tinali ndi 8:00 kalikonse. Ka kumapeto kanali ndi 0:00.

Winifred anagwira pakamwa. "Sekuru, ine ndimangolowetsa. Mayina ndi ambiri, kumapetoko sindiyang'anako."

"Sindinabwere kudzakuimba mlandu, mwanangu. Maola a munthuyu apita kuti?"

Winifred anaganiza, natulutsa kabuku kake ka kusukulu kuja. Anati anawaphunzitsa kuti makinawo nthawi amaisunga ngati zidutswa za tsiku, ndipo munthu ndi amene amasankha mmene ionekere pagalasi. Iye anasankha kuti mzere wonse uzioneka ngati wotchi, poti ndi nthawi. Anadina mabatani angapo kuti kabokosi ka kumapeto kaonetse nambala wamba. Ziro uja anachoka, panabwera 2.

"Masiku awiri athunthu," anatero Winifred. "Sanataye kanthu. Maola alimo onse, kungoti ndinawaveka nkhope ya wotchi, ndipo wotchi ilibe poonetsa masiku."

"Ungathe kuwauza kuti anene 48?"

"Ndingathe. Ndichulukitsa ndi 24, mzere wonsewu ndiusiya pa nambala wamba." Koma manja ake anaima pamwamba pa mabatani. Anayang'ana kuchitseko cha manijala, natsitsa mawu. "Sekuru, mundimvetse. Makalata a ku Harare ndimatayipa ndine. Mwezi uno unali woyesa ngati makinawa angalowe m'malo mwa buku. Tikangonena kuti makina asokonezeka, adzaitana katswiri mwezi wa mawa, mwina adzawataya n'kusunga inu. Koma kalata ya lero ipita mmene ililimu, chifukwa iwo buku lanu salikhulupirira. Ndikakonza pano, makina ndi buku zigwirizana paliponse. Mnzanuyo atsala. Koma anthu ochotsedwa ayenera kukwanabe asanu ndi mmodzi, ndipo buku silidzafunikanso."

A Kamwendo anali atazidziwa kale zimenezi, anaziganiza m'njira yonse. Walira mvula walira matope. Chimene chinawapweteka n'chakuti njira zonse ziwiri zinkathera pamodzi: kaya achoke Che Husaini kaya achoke iwo, ola lija la wani koloko latha. Kusiyana kwake kunali kumodzi. Iwo anali ndi nyumba yawoyawo ku Zengeza, mnzawo analibe. Ndiponso ziro uja anali bodza, ndipo iwo bodza la maola anali asanalisiyepo papepala.

"Konza," anatero.

Winifred anakonza. Manambala anasintha kutsika mzere wonse, ndipo pa Husaini Faki panabwera 48.0, 50.0, 48.0, 49.5.

"Ameneyu 49.5 ndiye chiyaninso? Mphindi zisanu?"

"Ndi theka la ola, Sekuru."

"Theka la ola ndi 30 chilengedwere dziko," anang'ung'udza a Kamwendo. Koma anatenga pepala likadali lofunda, nagogoda kwa manijala. Inali teni koloko.

Manijala anayerekeza pepala ndi buku, mzere ndi mzere, kufunafuna polakwika. Sanapeze. Kupepesa sanapepese, anthu otere pakamwa pawo mawu amenewo salowa. Anangodula dzina la Husaini ndi cholembera, nati, "Tsopano makina akugwira bwino." Anaimba foni ku Harare a Kamwendo asanatseke n'chitseko chomwe.

Kalata ya a Kamwendo yowachotsa ntchito inabwera Lachitatu. Inawathokoza chifukwa cha kukhulupirika kwa zaka zambiri, ndipo dzina lawo analilemba molakwika.

Loweruka lomaliza la mwezi, Che Husaini anali atamva zonse kwa Winifred. Tiyi anathira, koma anakwiya.

"A Kamwendo, anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Sanati uzime ndi ndevu zako."

"Zanga n'zometa, sizipsa."

"Musandiseke. Bwanji simunandifunse?"

"Mukanakana."

"Ndikanakanadi."

Moto unkalira m'boyila. Kenaka Che Husaini ananyema buledi, napereka chidutswa chachikulu kwa mnzawo. Analonjeza kuti azibwera ku Zengeza Lamlungu lililonse. Ananena zoona za mumtima, ndipo a Kamwendo anavomera ngati akhulupirira. Koma onse ankadziwa kuti munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wosenza malasha masiku asanu ndi limodzi, Lamlungu mawondo ake amafuna mphasa. Buku lobiriwira a Kamwendo analisiya patebulo la Winifred, cholembera chofiira pamwamba. Mu kanyumba ka boyila manijala anapachikamo kawotchi kotchipa kuti huta iziyendera.

Lolemba a Kamwendo anadzuka nthawi yawo ya masiku onse. Anameta, anavala jekete, anafika mpaka pageti, dzanja lili pachitsulo, ndi pamene anakumbukira. Mayi wa nyumba yoyandikana, ataona geti silikutseguka, anatuluka kudzafunsa ngati Sekuru adwala. Anayankha kuti ali bwino. Anathirira masamba, anasesa posesedwa kale, anapukuta wotchi ya Muriel. M'mawa umenewo unatalika kuposa sabata yathunthu ya pantchito, ndipo kuyambira kudzuka sanatulutse liwu limodzi la Chichewa.

Itayandikira wani koloko anakhala pakhonde, buledi pambale, maso pawotchi ya pamkono. Fakitale sinali kutali, mphepo ikamachokera kumeneko huta inkamveka bwinobwino. Wani inakwana, kuli zii. Mphindi imodzi inadutsa. Yachiwiri itatsala pang'ono kutha, huta inalira.

"Mwachedwa, Che Husaini," anatero a Kamwendo mokweza, pakhonde popanda munthu. "Mphindi ziwiri. Ndikanakulembani ndi yofiira."

Huta yaitali inatha. Kenaka, patali, kanamveka kakafupi kaja, pii.

A Kamwendo anapezeka ataimirira kale, chipewa chili kumutu, buledi atamunyema pakati. Anaima choncho kwa kanthawi. Kenaka anakhalanso pansi, nadya chidutswa chawo, chinacho n'kuchivundikira ndi mbale kuti ntchentche zisaterepo.